Jekete la a Mahamudo

Issufo Zaidi ndinayamba kumukayikira asanalembe sewero ngakhale limodzi. Ine ndine Teodora, ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yanga ku Assumane, mumzinda wa Lichinga, ndipo munthu wokhala pafupi ndi makina anga popanda chosoketsa sindimukhulupirira. Iyeyu ankabwera akaweruka ku sekondale, n'kukhala pabenchi ngati akuothera dzuwa, koma makutu ali tcheru. Azimayi akamadandaula za amuna awo, iye ankayang'ana kumsewu, milomo ikugwedera pang'ono. Ndinadziwa kuti akuloweza.

Anabadwira ku Meponda, bambo ake atabwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Atamaliza sukulu anapeza ntchito pamalo ochitira fotokope pafupi ndi msika, ndipo mapepala olakwika ankawatolera n'kumalemba kuseri kwake. Sewero lake loyamba, Chapa ya Meponda, linali la dalaivala wa minibasi amene ankakhazika madengu a nsomba pamipando, anthu n'kuwapanikiza pakhomo. Anthu anaseka mpaka kugwetsa misozi. Ine sindinaseke kwenikweni, chifukwa mayi wolongolola wa m'seweromo ankalankhula mawu anga enieni, ndi katsokomoledwe kanga komwe. Lachiwiri linali la akazi awiri apamitala olimbirana foni imodzi. Litatha limenelo, azimayi anayamba kutsitsa mawu akamuona akubwera.

Gulu lake linalibe zovala zochitira masewero, choncho ankabwereka kwa ine. Telala aliyense ali ndi thumba la zovala zimene eni ake anabweretsa kuti zikonzedwe koma akuchedwa kudzatenga. Vuto ndi lakuti ku Lichinga kuno, ndi kuzizira kwathuku, munthu timamuzindikira ndi jekete lake nkhope isanaoneke. Zimenezi ndinkazidziwa kuposa wina aliyense, n'chifukwa chake sindidzikhululukira.

Chaka chatha Issufo anafunsira Cheila, mwana wa a Mahamudo, ogulitsa usipa wouma, munthu wosajomba kumzikiti. A Mahamudo sanakane koma sanalolenso. Anati ayambe aona kaye ntchito ya teatro, ya masewero ija, imene mkamwiniyo akunyadira. Motero sewero lachitatu, Ana a Tsidya, linasanduka mayeso: likawakomera, amalume a Issufo abwere kudzakamba za ukwati.

Kutatsala masiku awiri, Issufo anafika ndi Calisto, mnzake wa mapewa aakulu amene amasewera ngati bambo nthawi zonse.

"Dona Teodora, tikufuna casaco ya munthu wamkulu, wolemekezeka," anatero Issufo.

Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa jekete lobiriwira la zigamba zofiirira m'zigongono. A Mahamudo analivala zaka khumi, ndipo analisiya kwa ine kuti ndisinthe zipi. Calisto linamukwana ngati ndinachita kumuyeza. Sindinafunse kuti sewerolo likunena chiyani. Issufo analiyang'ana kanthawi, osafunsa kuti mwini wake ndani.

Loweruka masana holo ya sukulu inadzaza. A Mahamudo anakhala kutsogolo ndi akazi awo a Fátima, ndi Cheila. Calisto atangotulukira, anthu anayamba kugwirana zigongono. Nkhani yake inali ya bambo amene anathawira ku Malawi, n'kukwatira kumeneko, ndipo nkhondo itatha anabwerera yekha, kusiya mkazi ndi mwana wakhanda, kuno n'kudzakwatira wina osaulula kanthu. Sewero lisanafike pakati, palibe amene ankayang'ananso Calisto. Maso onse anali pa msana wa a Mahamudo. Iwo anaimirira, natuluka pang'onopang'ono, a Fátima ndi Cheila ali pambuyo.

M'mawa mwake uthenga unafika kwa Issufo kuti amalume ake asavutike kubwera. Anthu ankati mnyamatayo anachita dala, anapekera apongozi ake bodza kuti atchuke. Amene ankanena mokweza kwambiri ndinali ine, chifukwa mlandu ukakhala pa iye, palibe akanafunsa kumene jekete linachokera. Komanso kunena zoona, theka la mtima wanga linkakhulupirira. Munthu wa maso ngati amene aja, woyendera mwana wa eni ake chaka chathunthu, angalephere kuzindikira zigamba zimene ngakhale agalu a ku Assumane amazidziwa?

Lachiwiri Issufo anabwera, maso ali psu.

"Tia, wallahi sindinkadziwa kuti jekete lija ndi la a Mahamudo," anatero. "Chiyambire kupita kwawo sindinawaonepo atalivala. Nkhani ija ndi ya malemu bambo anga. Ndili ndi mlongo wanga ku Mangochi amene sindinamuonepo. Chonde kawauzeni kuti munasankha ndinu."

Ndinamuyankha kuti ndili ndi mayunifolomu ofunika mawa. Manyazi anandigwira, koma sindinapite.

Patatha sabata, a Mahamudo anafika okha m'mawa, dzuwa lisanathamangitse nkhungu. Anakhala pabenchi lomwe lija la Issufo, ndipo anadikira kuti mayi amene ndinkamuyeza achoke.

"Dona Teodora, inu mumamva zonse pakhonde pano," anayamba motsitsa mawu. "Anamuuza ndani mnyamata uja?"

"Kumuuza chiyani, bambo?"

"Za mwana wanga wa ku Namwera. Ngakhale Fátima sankadziwa. Ndinamuuza ndekha Loweruka lomwelo, iye ndi Cheila, poganiza kuti bairro yonse ya Assumane yamva kale."

Phazi langa linaima pamakina. Sabata yonse ndinkanena kuti Issufo wapeka bodza, osadziwa kuti bodzalo linali ndi mwini wake. Apa ndiye ndinalephera kupitiriza kubisala.

"Palibe anamuuza," ndinatero. "Jekete lija ndinasankha ndine, chifukwa ndi lokhalo linamukwana Calisto. Nkhaniyo ndi ya bambo ake a Issufo, amene anasiya mwana ku Mangochi."

A Mahamudo anayang'ana tizidutswa ta nsalu tili mbwee pansi.

"Ndiye kuti ndinadziulula ndekha."

"Zikuoneka choncho, bambo."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndikanalandira, koma anangopukusa mutu.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuopa munthu woti adzandiulule, kenako n'kudzagwa ndi zipi," anatero. "Mumuuze Issufo kuti amalume ake abwere Lachisanu, tikatuluka mumzikiti. Mwana amene analemba zimene zija akudziwa kupweteka kwake. Sadzamusiya Cheila panjira."

Ndinalowa m'nyumba kukatenga jekete lija, zipi yatsopano ili kale pamalo pake. Iwo sanalilandire.

"Ine sindingalivalenso kuno," anatero. "Sabata yamawa ndikupita ku Namwera, inshallah, ndipo kumeneko nakonso kumazizira. Mulikonze kuti likamukwane mwana wangayo."

Ndinachotsa tepi m'khosi, ndinatenga choko, n'kufunsa ngati ali wamtali kapena wamfupi, wonenepa kapena woonda.

"Sindikudziwa," anayankha a Mahamudo. "Ndinamusiya akukwawa."