Waya Wamfupi wa Denitsa

Tsiku limene khitchini yapanja ya Mayi Stanka inapsa, mudzi wathu wonse unkanunkhira tsabola wowotcha. Unali mwezi wa Seputembala, pamene khomo lililonse limatulutsa chushkopeki, chowotchera tsabola cha magetsi, n'kuyamba kudzaza mabotolo a lyutenitsa, ndiwo ya tsabola wosinja yodya m'nyengo yachisanu. Mayi Stanka, mkazi wamasiye, ankagulitsa mabotolo awo pamsewu wopita ku Pazardzhik. Motowo unadya denga ndi matumba onse a tsabola, n'kuwawotchanso dzanja lamanja.

Mwana wawo Denitsa anaima paphulusa osagwetsa msozi. Ankadziwa kuti wachititsa ndi iye. Waya wotenthetsa wa m'chowotcheramo anali ataduka m'mawa, ndipo iye anachita zimene aliyense kwathu amachita: kudula pamene papsa, kupota nsonga ziwirizo pamodzi, ntchito n'kupitirira. Anali atazichita kambirimbiri, moti waya anatsala theka. Pamalo pa fyuzi panali msomali kuyambira nthawi ya malemu bambo ake.

Chaka chomwecho Denitsa anali atalephera mayeso kusukulu ya zamagetsi, n'kuisiya. Tsopano azibambo okhala pabenchi ya pasitolo anapeza nyimbo. Akamadutsa ankamukuwa: "Injiniya wathu uyo! Bwera udzatikonzereko ketulo, nyumba yathu tatopa nayo."

Amayi ake sanamukalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka koposa. Anangonena kuti chowotchera sadzachikhudzanso, ndipo Seputembala wina akamafika adzakwera basi ya ku Italiya kukasamalira nkhalamba za eni, monga anachitira azimayi ambiri a m'mudzi muno amene ana awo amawaonera pafoni. Denitsa anadziwa kuti basi imeneyo ikawatenga, pakhomo pazizira mpaka kalekale.

Anakulunga chowotchera chopsacho m'thumba n'kupita nacho kwa a Gerginov, aphunzitsi amene anawathawa aja. Iwo anasuzumira m'thumbamo, kenako anayang'ana mtsikanayo.

"Unandithawa ine, mwana iwe, koma masamu akutsatira mpaka kukhitchini."

"Aphunzitsi, waya anali wamfupi. Ine ndimayesa wamfupi satentha kwambiri."

A Gerginov analumikiza waya wathunthu kumagetsi n'kuikapo mita. Magetsi ankakankha ndi mavolti 220, ndipo oyenda m'wayamo anali maampu asanu. Anamupatsa choko n'kumuuza kuti agawe mavolti ndi maampu. Anapeza maomu 44, kukaniza kwa waya, mmene amatchingira magetsi kuti asathamange. Anamuuza kuti achulukitse manambala omwewo. Anapeza mawati 1100, mphamvu imene imasanduka kutentha.

Kenako anadula wayayo pakati n'kulumikiza theka lokha kwa kamphindi. Singano ya mita inalumphira pa khumi. Denitsa anagawa, anapeza 22. Anachulukitsa, anapeza 2200. Choko chinamugwa m'manja. Waya wamfupi amakaniza pang'ono, magetsi amasefukira, kutentha kumawirikiza. N'chifukwa chake tsiku la moto lija chingwe chakale chinasungunuka, ndipo msomali uja sunaduke monga ikanadukira fyuzi. Apa m'pamene analira misozi imene inakana kutuluka paphulusa.

Ine amene ndikukusimbirani nkhaniyi ndangomaliza kumene sukulu, ndipo kudikira sindikutha, ngakhale madzi pamoto amandichedwera. Ndikanakonda ndikuuzeni kuti kutacha zonse zinayera. Ayi ndithu. Denitsa anabwerera m'kalasi kukakhala ndi ana aang'ono kwa iye. Ankadikira basi chipale chofewa chikumulowa m'nsapato. Waya woyamba amene anakulunga anatalika kwambiri, tsabola akanangotuluka thukuta osapsa. Wachiwiri anaduka ali m'manja. Sanakhulupirirenso maso ake: waya aliyense ankamuyeza, kugawa, kuchulukitsa, n'kuyambiranso. Mayeso anakhoza ulendo wachiwiri, movutikira, koma anakhoza.

Seputembala anafika, minda inafiira ngati kuti nthaka yachita manyazi. Chikwama cha Mayi Stanka chinali kale pakhomo. M'mawa wa tsiku la ulendo, Denitsa anaika chowotchera chija pansi pa mpesa wa pabwalo, chili ndi waya watsopano, chingwe chatsopano ndi fyuzi yeniyeni. Pambali anaikapo mita ya a Gerginov ndi dengu la tsabola.

"Amayi, yang'anani singanoyi. Ikangodutsa pa faifi, chikwamacho ndikunyamulirani ndekha mpaka kubasi."

Mayi Stanka anaima patali, dzanja lazipsera lili m'thumba la jekete. Waya anafiira pang'onopang'ono. Singano inafika pa faifi n'kuima nji. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuti iwanamize. Sinasunthe.

Mayi Stanka anatulutsa dzanja lija. Anasankha tsabola mmodzi wonenepa n'kumuponya m'chowotcheramo. Khungu lake linathetheka, fungo lija linakwera pakati pa masamba a mpesa.

"Ukundiyang'ana chiyani, iwe? Katsuke mabotolo."

Basi ya ku Italiya inadutsa pamsewu, mpando umodzi uli wopanda munthu.

Lero zowotchera za m'mudzi muno zikaduka waya zimapita kwa Denitsa, ndipo m'nyumba zambiri wazulamo misomali n'kubwezeramo mafyuzi. Azibambo a pabenchi aja amamutchabe injiniya, koma tsopano amavula kaye chipewa.

Inu amene china chinakupserani m'manja, musathawe phulusa lake. Litoleni, mubwerere nalo kumene munathawa, mukafunse chimene munalakwitsa. Yankho lake likhoza kukulizani, koma ndi lomwelo limene lidzakudzutseni. Mtima wanu usazime.