Amene Ankamvera Injini Yanga

Ndinatsimikiza zochoka tsiku limene tinabweza kasitomala wachitatu m'sabata imodzi chifukwa chosowa galimoto yokokera. Galaja ya bambo ili m'mbali mwa msewu waukulu pa Dedza. Nthawi imeneyo inali malata asanu ndi atatu pamitengo, bokosi la masipanala ndi jeke imodzi yodontha. Munthu galimoto ikamufera ku Linthipe kapena ku Bembeke ankatiimbira foni, ife n'kumuuza kuti aibweretse. Aibweretse bwanji galimoto yakufa? Ankapita kwa ena.

Mapepala a ulendo wa ku America ndinali nawo kale, mwayi wa viza utandigwera, koma ndinkazengereza. Tsikulo bambo anandiyang'ana ndikulalatira jeke ija ngati ili ndi makutu.

"Pita," anatero. "Ukabwere ndi galimoto yamphamvu yokokera. Galajayi ndi yako, izikudikira."

Mlongo wanga wamng'ono, Esnati, anali pakona akutsuka mabawuti m'beseni la palafini. Ankakonda kusuzumira m'injini ine ndikugwira ntchito, ndipo mawu anga kwa iye anali amodzimodzi masiku onse: "Choka apa iwe, udetsa chitenje." Tsiku limenelonso ndinamuuza zomwezo.

Ku America sindinakagwire sipanala. Ndinakhala ku Lanham, m'chipinda chapansi pa nyumba ya eni, chokhala ndi kazenera koonetsa mapazi a anthu odutsa. Ntchito inali yosamalira okalamba ku Takoma Park: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa. Sindichita nayo manyazi, inandidyetsa ndipo inaika malata atsopano kwathu. Koma Lamlungu masana ndikachoka kutchalitchi, kusungulumwa kunkandipweteka kwambiri. Ndinkatha kukhala tsiku lonse osalankhula Chichewa ndi munthu, mpaka ndinkadzifunsa mafunso mokweza n'kudziyankha ndekha.

Patatha zaka zinayi ndinaipeza galimoto yokokera ija, pikapu, kwa munthu wina wakumidzi ya ku Virginia. Inali yakale, ya dizilo, zitseko zinayi, yotha kukoka lole yaing'ono osatuluka thukuta. Mwiniwake anali ataisintha kwambiri. Anaikweza m'mwamba moti kukwera kwake kunkafuna kupemphera kaye. Anaika matayala akuluakulu, paipi ya utsi yonenepa ngati ntchafu, ndi kabokosi konamiza kompyuta ya galimoto kuti injini izipereka mphamvu zoposa muyezo. Anawonjezeranso pampu ya mafuta ndi fyuluta yake kunja, pansi pa bodi.

Ndinapita kukaiona ndi Che Ali, mnzanga wa ku Mangochi amene amayendetsa malole kumeneko. Anaizungulira kawiri n'kupukusa mutu.

"Achimwene, this thing is trouble. Galimoto yoseweretsedwa ndi anyamata a kuno simugula galimoto yokha, mumagula ndi misala yawo yomwe."

"Che Ali, ine ndakulira pansi pa galimoto," ndinayankha motero, n'kupereka ndalama.

Mavuto sanachedwe. Mwezi woyamba inayamba kufuka utsi wakuda ndi kufooka pamtunda. Ndinasintha fyuluta ya mpweya, ndinatsuka izi ndi izo, osaphula kanthu. Kupita nayo kugalaja za kumeneko sindikanatha, chifukwa kungotsegula boneti kokha amakulipiritsa malipiro a tsiku lonse. Ndinameza manyazi, ndinaika foni pafupi ndi injini, n'kujambula kulira kwake. Ndinatumiza pa foni ya Esnati kuti akawamvetsere bambo.

Patapita ola limodzi kunabwera uthenga wa mawu. Anali bambo, akulankhula mokweza komanso pang'onopang'ono. "Kumbuyo kwa kulirako kukumveka mpweya ukuthawa. Tsatira paipi yochokera ku tebo, uifinye ndi dzanja. Yang'ambika kunsi kumene suona."

Ndinagona pansi, ndinafinya paipi ya teboyo, chipangizo chokankhira mpweya m'injini, chala n'kulowa pamng'alu. Ndinaseka ndekha ngati wamisala pamalo oimika magalimoto.

Kuyambira pamenepo zinakhala choncho. Giya itayamba kugunda posintha, yankho linati ndichepetse mphamvu pa kabokosi konamiza kaja, chifukwa injini ikukankha kuposa zimene giya inapangidwira. Kutsogolo kutayamba kugogoda, linati matayala akuluwo akudya majointi, ndibwezere aang'ono. Nthawi zonse yankho linkagunda penipeni. Ndikayesa kuimba kuti ticheze ndi bambo pakamwa, Esnati ankati netiweki ikuvuta, kapena bambo apita kumsika, nditumize uthenga basi. Sindinaganizepo kanthu. Ndinkasunga mauthengawo n'kumawamvetsera popita kuntchito, ena ndinawaloweza pamtima.

Cholakwa chachikulu ndinachita ndekha, ndipo chinachokera kwathu. Munthu amene anaimapo pamzere wa mafuta masiku atatu, n'kufika pampope atangotha, mtima wake sukhazikika ngakhale apite kuti. Mwezi wa July mtengo wa dizilo utatsikako, ndinagula zigubu zisanu ndi chimodzi, n'kudzaza, n'kuzibisa m'kashedi kuseri kwa nyumba. Kumeneko mafuta sasowa, malo omwetsera ali pakona iliyonse, koma ndikatsegula kashediko n'kuona zigubu zanga zitandandalikana ndinkamva ngati munthu wanzeru pakati pa ogona.

Mu January kunazizira koopsa. Mtengo wa dizilo unali utakwera, ndiye ndinati nthawi yanga yakwana, n'kukhuthulira zigubu zitatu m'thanki. M'mawa mwake galimoto inalira bwinobwino. Ndinayenda makilomita atatu okha, inayamba kutsokomola, kenako inazima pakati pa msewu. Ndikailiza inkagwira pang'ono n'kuzimanso. Mnzanga wakuntchito anali akundidikira kuti ndikamulandire agogo amene tinkawasamalira, ndipo abwana anali atandichenjeza kale za kuchedwa. Zala zanga zinali zitauma moti kugwira foni kunali ntchito. Mumtima ndinkati pampu yaikulu yapita, ndipo ikapita imeneyo galimoto yonse yapita, pamodzi ndi zaka zinayi zosambitsa anthu. M'maganizo ndinaona bambo akundifunsa kuti chokokera chija chili kuti.

Ndinajambula n'kutumiza. Kwathu inali nthawi ya masana, ndipo yankho linabwera pasanathe mphindi khumi.

"Pampu ili bwino, usaikhudze. Injiniyo ili ndi njala. Masula fyuluta yakunja ija uone m'kati. Ukumbukire mmene mafuta ophikira amagwiranirana m'botolo kuno mu June. Dizilo ameneyo wagula liti?"

Ndinamasula fyuluta. M'kati munali zinthu zoyera zogwirana ngati majarini. Che Ali atafika kudzandikoka, anaona fyulutayo, n'kundiyang'ana.

"Mafutawa mwamwetsa kuti?"

Ndinamuuza za zigubu. Anaseka mpaka anagwira bodi ya galimoto.

"Summer diesel mu January! Achimwene, kuno mafuta a nyengo yozizira amawasakaniza ndi zina kuti asaundane. Inu mwasunga a chilimwe ngati chimanga m'nkhokwe. Safunsa anadya phula."

Anaonanso kuti mwini wakale uja, poika fyuluta yake yakunja, anachotsa kachipangizo kotenthetsa mafuta. Galimotoyo tinaikokera m'galaja yotentha ya kuntchito kwa Che Ali, inagona momwemo, tinaika fyuluta yatsopano ndi mankhwala oletsa mafuta kuundana. Sabata yotsatira ndinabwezeretsa chotenthetsa chija. Zigubu zotsalazo zinadikira mpaka May. Ndinatumiza uthenga kwathu wonena kuti, "Bambo, inu simunaonepo sinoo, koma mwaposa amakaniko onse a kuno." Yankho la uthenga umenewo silinabwere.

Ndinabwerera patatha zaka zisanu ndi zinayi. Pikapu inakwera sitima ku Baltimore, ine n'kukailandira ku Dar es Salaam, n'kuiyendetsa ndekha kudzera ku Songwe. Pa malire anthu ankaizungulira, akuseka chiwongolero chokhala kumanzere. Njira yonse ndinkakonza m'mutu mmene ndidzaikonzere galaja yanga: apa dzenje lokonzera kunsi kwa galimoto, apo shelefu, pakhomo chikwangwani cha dzina langa.

Nditafika ndinapeza dzenje lilipo kale. Panali khoma la njerwa, mashelefu, ndi magalimoto asanu akudikira. Bambo anali pampando pafupi ndi khomo, atayang'ana kumbali. Ndinaimba hutala, sanatembenuke. Ndinatsika n'kufuula, "Bambo!" Sanatembenuke, mpaka mthunzi wanga utawagwera pamiyendo. Pamenepo anadzuka n'kundikumbatira.

Ndinkafuna aimve pikapuyo. Ndinailiza, n'kuponda moto kawiri. "Mukuimva, bambo? Ndi imeneyi!"

Anaika dzanja pa boneti, akumwetulira, kenako anayang'ana kudzenje. M'menemo munatuluka Esnati, atavala ovololo, duku lodetsedwa ndi girisi kumutu. Anandipatsa moni ndi mkono chifukwa manja anali akuda, kenako anapendeketsa mutu kumvetsera.

"Mwayenda bwino, achimwene. Koma lamba wa fani walefuka, ndipo nozolo imodzi ikuchedwa kupopera dizilo. Mwina mafuta a m'njira anali ndi madzi."

Ndinalowa m'kati kuti ndione mashelefu aja. Pamsomali panapachikidwa zidutswa za makatoni, zambiri, zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Chapamwamba chinati: PAMPU ILI BWINO, USAIKHUDZE. INJINIYO ILI NDI NJALA. Ndinatembenuza china: TSATIRA PAIPI YOCHOKERA KU TEBO. Mawu onse ndinkawadziwa, ndipo dzanja lolembalo ndinkalidziwanso.

"Makutu anayamba kufa chaka chachiwiri mutachoka," Esnati anatero ali kumbuyo kwanga. "Pamene mumagula galimotoyi anali atatheratu. Ndinkamvetsera ine, n'kulemba pakatoni, iwo n'kuwerenga."

"Bwanji sunandiuze?"

"Mukanandimvera ine, achimwene?"

Yankho tonse tinkalidziwa. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinapsanso mtima, ngakhale sindinadziwe kuti ndikupsera mtima ndani.

Bambo anali atalowa. Sanamve zimene tinkakamba, koma anaona katoni m'manja mwanga. Analankhula ndi mawu okweza aja, a munthu amene sadzimva.

"Ndinati galajayi ndi yako. Ndinanena ndekha, ndipo mawu anga sindibweza. Esnati, m'patse makiyi."

Anthu amene ankadikira magalimoto awo panja anasiya kucheza. Esnati anapukuta manja pa ovololo, anavula chingwe cha makiyi m'khosi, n'kunditambasulira. Sanakwinye nkhope. Zikuoneka kuti tsikuli ankalidziwa kuyambira kale, ndipo anamanga khoma lonselo akulidziwa.

Zaka zisanu ndi zinayi ndinagwirira ntchito makiyi amenewo, ndipo sindinama, dzanja langa linafuna kuwalandira. Koma ndinatenga katoni ina yosalemba ndi cholembera chimene chinali pashelefu, n'kulemba zilembo zikuluzikulu kuti bambo aone: MUNANDITUMA CHOKOKERA. NDABWERA NACHO. NDIZIYENDETSA INE, GALAJA ILI NDI MWINI WAKE.

Bambo anawerenga kawiri. Anandiyang'ana, anayang'ana Esnati, kenako anakapachika katoniyo pamsomali pamodzi ndi zinzake n'kubwerera pampando wawo.

Esnati anabwezera chingwe m'khosi. Anatenga sipanala, anatsegula boneti ya pikapu, n'kukwera pa tayala kuti afikire lamba uja. Ine ndinasendera pafupi, ndikusuzumira kuti ndione mmene akumangira.

"Tasunthani pang'ono, achimwene," anatero osatembenuka. "Mudetsa malaya."