Munda wa pa Thanthwe

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga adamwalira. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikuphunzira pa sukulu ya mishoni kumapiri a ku Dedza. Amayi anali pa chitengwa. Maliro atangotha, abale a bambo adalanda munda wa kudambo, ife n'kutilozera kuphiri kumene kunali thanthwe lokhalokha. Amayi adanena poyera kuti mvula ikatipeza tilibe pobzala, ine ndisiya sukulu ndikathyole tiyi ku Thyolo.

Wansembe wathu anali Bambo Kolumu, mzungu wa ku Ireland wa manja okhakhala ngati a mlimi. Atamva nkhaniyi adakwera phirilo atakwinya mkanjo. Adaponda thanthwe lija ndi nsapato, n'kuseka.

"Mayi, uwutu ndi munda. Kwathu anthu akadaulimbirana."

"Abambo, musatiseke, misozi sinaume," adatero amayi.

Sankaseka ife. Kwawo kunali pa kachilumba ka m'nyanja ya mchere, kumadzulo kwa dziko lawo. Ankati kulibe mtengo, pansi ndi mwala wotuwa wong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Anthu ake ali ndi chinenero chawo, ndipo Chingerezi iwo adachiphunzira kusukulu ndi chikoti, monga ine. Dothi kumeneko sulipeza. Umalipanga.

Adandionetsa kapangidwe kake. Ming'alu tidaitseka ndi timiyala. Pamwamba tinkayala mchenga wa kumtsinje. Kwawo amathirapo ndere za m'nyanja, ife tidathira ndowe, phulusa, masamba ovunda ndi dothi la pachulu. M'mbali tidasanja mpanda wa miyala wopanda matope, wa mipata, kuti mphepo izidutsa osaugwetsa.

Chilimwe chonse ndinkasenza dengu. Khosi lidauma. Anzanga obusa mbuzi ankandikuwiza.

"Taonani bulu wa Abambo! Mwala ukabereka utigawireko!"

Tsiku lina ndidaponya dengu pansi. "Ine sindine bulu," ndidatero.

"Bulu kwathu anali wa anthu opeza bwino," adayankha. "Amayi anga ankasenza okha, kumsana. Tola dengu."

Ndidatola.

Pogwira ntchito pakamwa pawo sipankatseka. Ankasimba za linga lakale la miyala la m'mphepete mwa phompho, limene palibe akudziwa adalimanga. Ankasimba za katchalitchi kokwiririka ndi mchenga kamene anthu amakafukula chaka ndi chaka, ndi za mabwato a chinsalu chopaka phula, opepuka koti amuna amawanyamula pamutu. Nthawi zina ankaiwala kuti ndilipo, n'kumayankhula chakwawo akuyang'ana kuchigwa. Ine ndinkangoti mzunguyu ngwolongolola.

Mvula itagwa tidabzala kachewere. Adabereka wamng'onomng'ono, koma adabereka. Amayi adafukula phando loyamba, n'kukhala pansi akumuyang'ana kachewereyo. Za ku Thyolo sadazitchulenso. Ndidafika Sitandade 6, ndipo sindichita nayo manyazi.

Tsopano ndimakhala kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa South Bend, kwa mwana wanga wamkazi, namwino. Tikamapita ku Indianapolis ndimaona minda ya dothi lakuda, yosalala, yopanda mwala ngakhale woponyera galu. Mdzukulu wanga wa ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, amene ndikamuyankhula Chichewa amayankha Chingerezi, adandifufuzira chilumbacho pa kompyuta. Ndidaona mipanda, linga, phompho ndi alendo oyenda pa njinga. Wansembe uja sadaname kanthu.

Adaikidwa ku Dedza, sadabwererenso kwawo. Zaka zonsezi ndinkati adakwera phiri lija chifukwa cha chifundo basi. Chifundo chinalipo. Koma lero ndikamabzala bonongwe kuseri kwa nyumba ya eni, ndikutchulira adzukulu mayina a mapiri a kwathu iwo maso ali pa televizioni, ndimadziwa chimene chinkawadya. Munthu uja ankapukwa, ndipo womumvera anali ine ndekha. Sindidawafunse ngakhale dzina la amayi awo.