Mayi Wosoka Tizovala ta Makanda

Amayi oyembekezera onse a mumdadada wa nyumba za lendi amathamangira kwa mayi wosoka wa khomo lakumapeto. Ndiye amawauza zimene khanda limafuna: matewera ambiri, tizipewa tiwiri, ndi timalaya tomanga ndi zingwe, osati mabatani. "Nsapato mukugulira munthu wosayenda? Akupita ku ofesi?" amatero, mapini ali kukamwa.

Koma akasoka sapereka. Amasunga zonse m'sutikesi kunsi kwa bedi mpaka mwana atabadwa n'kulira. Omunena kuti ndi wovuta sawayankha. Iye anabwerapo kuchokera kuchipatala chimanjamanja n'kupeza tizovala titayalidwa pabedi.

Mwezi watha mtsikana wa khomo loyandikana ndi lake, wa mimba yoyamba, anabwerako kuchipatala wopanda mwana. Patapita sabata anagogoda.

"Amayi, ndabwera kudzatenga zija."

"Sindinasoke, mwanawe. Makina anandifera."

"Khoma lathu ndi limodzi, amayi. Ndinkawamva akulira masana onse."

Mayi wosoka anaona kuti bodza lake silimuteteza mtsikanayu. "Nanga ukatani nazo?"

"Anamukulunga ndisanamuone. Ndikungofuna kudziwa kukula kwake."

Mayiyo anagwada, anakoka sutikesi, n'kutulutsa kachipewa kamodzi kokha. Mtsikanayo analowetsamo chibakera chake, kachipewa kanakwana ndendende. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Kamutu kake kanali kochepa chonchi?"

"Chonchi kumene," anatero mayi wosoka, akumukokera mpando. "Wanganso anali chonchi."