Tsiku Limene Ndinanyoza Aphunzitsi

Ndikukumbukira fungo la holo ya sukulu yathu ku Spinney Hill, kuno kutsidya kwa nyanja: polishi wapansi ndi majasi onyowa ndi mvula. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, nditangofika kumene kuchokera kusukulu ya kumudzi ku Dedza, komwe mwana amalankhula ndi aphunzitsi maso ali pansi.

Aphunzitsi athu a Chingerezi, bambo wamtali wadazi, ankakonda mlakatuli wina wa zaka za m'ma 1700 amene ankalembanso masewero. Ankati munthuyo anali wamanyazi pagulu, koma akagwira cholembera ankaseka anthu odzikuza mpaka eni akewo n'kuseka nawo. Mwina n'chifukwa chake anasankha ine kuti ndikhale wantchito wapakamwa m'sewero lake lina. Bwana wodzitukumula anali iwowo, atavala wigi yoyera.

Mawu ndinawaloweza masiku atatu okha. Vuto linali kuwanena. Ndikafika ponyoza bwana, mawu ankatsika okha, manja n'kupita kumbuyo. Tsiku lina ndinawapatsira chipewa ndi manja awiri nditapinda bondo, anzanga n'kufa nako kuseka. Aphunzitsi anandiuza mofatsa kuti zikapanda kusintha pofika Lachisanu, malo anga apatsa wina. Ndinasowa mtendere. Kuti ndiwasangalatse, ndinafunika kuwachitira mwano.

Mayi anga, omwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni yapafupi ya Oadby, anamva nkhaniyi akusita yunifomu. Anatenga thawulo n'kuliika kumutu ngati wigi.

"Tiye, ndinyoze."

"Amayi, sindingathe."

"Iwe, ine ndapempha kale ofu kuti ndidzakuonere. Ndiyang'ane m'maso! Koma ukadzayerekeza zimenezi kunja kwa sewero, udzandidziwa."

Tinayeserera mpaka ayironi inazizira.

Tsiku la sewero ndinawayang'ana aphunzitsi m'maso n'kulankhula mokweza. Holo yonse inaseka, ndipo kuseka kwa mayi ndinakuzindikira pakati pa anthu onsewo. Apo m'pamene ndinamvetsa zomwe mlakatuli uja ankadziwa, zoti munthu wamkulu amatha kumva kulakwa kwake ukamuuza akuseka. Titamaliza ndinawatsatira aphunzitsi kuseri n'kukawapepesa. Anaseka mpaka anakhala pansi.

Lero mlongo wanga wamng'ono, wobadwira konkuno, amatsutsana ndi aphunzitsi ake mosaphethira, iwo n'kumamuyamikira. Ine ndakula, ndili pantchito, koma abwana akalakwitsa ndimayamba ndayeserera kaye m'basi zoti ndikawauze.