Mawondo a Che Asani

Lachiwiri ndinali ku Ntaja, pamaliro a mkazi wa Che Asani. Ndili mwana, bambo amenewa ndiwo ankabweretsera mayi anga matemba ku Balaka kuchokera ku Ngokwe. Ankayenda wapansi, kugona m'njira, dengu lili kumsana.

Dengu lawo linali lalikulu moti iwo ankafika pa Liwonde m'mawa, kumbuyo kwa dengulo n'kufika masana. Ndikulumbira. Ndinaliona ndi maso angawa.

Lero Che Asani sasenzanso ngakhale chikho cha madzi. Akamadzuka pamphasa, mawondo awo amalira ngati chitseko cha golosale yakale. Tsiku lina mbuzi za pakhomopo zinathawa. Wokayika akafunse mbuzizo.

Mwina ena simudziwa maliro a Asilamu anzathu. Thupi limapita kumanda pa chonyamulira chotchedwa jeneza, ndipo amuna amalandizana paphewa, uyu pang'ono, uyo pang'ono, osaima. M'mawa wa tsikulo ndinawapeza Che Asani kuseri kwa nyumba akumanga mawondo ndi mphira za tchubu cha njinga.

"Mwanangu," anatero, "moyo wanga wonse ndasenza nsomba za anthu. Mayi awa sindinawasenzepo ngakhale tsiku limodzi. Lero ndiwasenza."

Mwana wa mlongo wawo, amene amapalasa kabaza pamsika, anayesa kuwaletsa. "Iyayi amalume, inu mukwere njinga, mukatipeza kumanda."

"Njinga yako ija ya mabuleki a chidendene? Ukufuna mukumbe manda awiri?"

Anakoka mphira ndi mano, n'kumanga mfundo.

Mphira imeneyi ndimaidziwa. Ndi chipatala cha osenza katundu onse kuno. Bondo likatupa limakhala likulankhula, koma ife timalimanga pakamwa kuti likhale chete mpaka tikafike. Likaumirira, timalitema mphini ndi lumo, kupakamo mankhwala akuda, mawa ulendo. Che Asani anachita zimenezi mpaka imvi. Pamene anapita kuchipatala chenicheni, anakawauza kuti chofewa chija chimakhala pakati pa mafupa chinatha kalekale, tsopano fupa likukhuzana ndi fupa, ndipo sichimeranso.

Nanga ife tinali kuti?

Tinali m'mbali mwa msewu, kuwachemerera. "Mwamuna ndi ameneyu, lole yachepa." Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, koma msana umodzi tinkausenzetsa nyanja yonse. Ineyo ndinakula ndi matemba amenewo, ndipo sindinafunsepo kuti anabwera ndi miyendo ya yani.

Musaganize kuti zinatha. Dzukani m'mamawa muone anyamata akutsetsereka m'mapiri a Machinga ndi matumba a makala aatali kuposa iwo eni. Imani pa Phalula muone amayi akuthamangira basi, dengu pamutu, mwana kumsana. Yang'anani m'miyendo. Mphira mudzaiona. Pali mnyamata wina amene anamanga zambiri moti akapunthwa sagwa, amadumpha ngati mpira. Ameneyonso ndinamuona.

Timaseka, tigule makala, tizipita. Bondo likadzatha tidzati ndi ukalamba, kapena nyamakazi, kapena amulodza a kuchimuna. Katundu yekha ndiye sitimutchula.

Jeneza inatuluka masana. Amuna ankalandizana mwachangu monga mwa mwambo. Che Asani anatsatira ndi ndodo, thukuta lili kamukamu, mpaka anafika pambali pake. Anandipatsa ndodo ija. Munthu wina anawapatsa malo, iwo n'kulowetsa phewa.

Bondo lakumanzere linakana pomwepo. Silinalire n'komwe. Linangopindika, jeneza n'kupendekeka, manja ambiri n'kuigwira isanagwe. Che Asani anakhala pansi pafumbi.

Jeneza siyembekeza munthu. Anthu anawalambalala ngati madzi polambalala mwala, mapemphero akunka natalikira. Tinatsala awiri panjira.

Che Asani ankayang'ana kumene kwalowera mkazi wawo. Kenako, osanditembenukira, anafunsa motsitsa mawu.

"Mwanangu, iwe unali pafupi. Pamene paja, ndasenza?"

Ine ndine munthu wolumbira pa chilichonse, koma apa ndinangowabwezera ndodo yawo ija. Inu amene munadya nawo matemba aja, mukanawayankha kuti chiyani?