Tsiku Limene Amayi Anakhalira Hendulo ya Basi

Fungo la petulo likakumana ndi la dothi lonyowa, ine ndimabwerera pa Namitete, pakhonde la sitolo pomwe basi inkaima. Inali nthawi ya chitaganya, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Dzinja limenelo mvula inatizunza zedi. Makoma a nyumba yathu ankachita chinyezi mpaka kumera nkhungu, nkhuni zinkangofuka utsi osayaka, ndipo matope ofiira ankatimata m'mapazi tikamachokera kopalira fodya. Madiresi anga awiri amayi ankawayanika m'khitchini pamwamba pa moto, moti kulikonse ndinkapita ndinkanunkha utsi.

Chaka chimenecho ndinali nditapeza malo kusukulu yogonera ya atsikana, kumishoni ina kupitirira Lilongwe. Kalata yake inanena mosabisa kuti amene safika Lachitatu, malo ake apatsa wina, poti odikira analipo ambiri. Bambo anali ku Halale kuntchito. Amalume anali atayamba kale kunena kuti mtsikana wotha kulemba kalata wakwana, ndipo dzina la mnyamata wina wa ku Nsaru linkamveka kawirikawiri pakhomo pathu. Ine ndinkadziwa kuti ndikaphonya Lachitatu limenelo, sukulu yathera pomwepo.

Basi inkadutsa kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu. Amayi anga, a Naphiri, anagula matikiti awiri kudakali masiku, n'kuwamanga pamfundo ya nsalu yawo. Chimene sitinkadziwa n'chakuti kalaliki wa pasitolopo anali ndi kachizolowezi kake. M'dzinja ankagulitsa matikiti oposa mipando, podziwa kuti anthu a kutsidya mitsinje idzawatsekereza. Ha, sabata imeneyo mvula inakata masiku atatu, mitsinje inaphwa, ndipo aliyense wa tikiti anafika, ndi nkhuku zake zomwe.

Lachiwiri ife tinalawirira, tinakhala pabenchi ya kumbuyo, bokosi langa lamatabwa lili padenga la basi. Basi itadzaza ndi pamene anatulukira kapitawo wa esiteti ya fodya ndi mkazi wake, nawonso matikiti ali m'manja. Dalaivala anakanitsitsa kunyamula oimirira chifukwa apolisi ankawerenga mitu polowa m'tauni. Kalaliki analowa m'basimo n'kuyamba kumwaza maso. Anadumpha onse a majekete, anadumpha a zipewa, maso ake anadzaima pa mapazi athu opanda nsapato.

"Mayi, tsikani ndi mwanayo. Mudzakwera Lachisanu."

Amayi anayesa kufotokoza za sukulu, koma munthu uja anali atatembenuka kale. Tinatsika. Kondakitala anatsitsa bokosi langa n'kulitula m'matope. Ndinalira, sindikubisa, ndinalira mamina ali chuchuchu.

Tsono basi ija inali nkhalamba, sinkalira ndi kiyi. Kondakitala ankalowetsa chitsulo chopindika kutsogolo kwa injini n'kupukusa mpaka ilire, chitsulocho ankachitcha hendulo. Tsiku limenelo anali atachigoneka pansi, patsogolo pa basi, akumangirira katundu. Ndinangoona amayi akuyenda pang'onopang'ono kupita komweko. Anakonza nsalu yawo bwinobwino, anakhala pahendulo paja, natambasula miyendo monga amachitira posankha mtedza.

Kondakitala atatsika padenga anazungulira kawiri asanazindikire kumene chitsulo chake chapita. Anatambasula dzanja, kenako analibweza. Kwathu mwamuna sagwira mkazi wa mwini, ngakhale pamkono pokha, umenewo ndi mlandu wotha mbuzi m'khola. Dalaivala anakalipa, anawomba lipenga, anatukwana m'chinenero chimene sindinkachimva. Kalaliki anati aitana apolisi. Amayi osagwedezeka ngakhale pang'ono.

"Aitaneni, abambo, adzawerenge nawo," anatero amayi, akumasula mfundo. Iwo kuwerenga sankadziwa, ndiye anandipatsa ine mapepala aja. "Esinati, werenga mokweza. Palembedwa tsiku lanji?"

"Lachiwiri," ndinatero.

"Nanga palembedwa kuti wopanda nsapato atsike?"

Basi yonse inafa nacho chiseko, ngakhale mkazi wa kapitawo anabisa nkhope m'mpango. Ine ndinkalakalaka nthaka itandimeza. Anthu a pamsika anali atasiya malonda awo, ana atakwera m'mango, onse kudzaonerera amayi anga atakhala m'matope. Dzuwa linakwera, nthunzi inkatuluka m'dothi, ntchentche zinkatera pamilomo yawo youma, koma iwo ankangoyang'ana kalaliki.

"Mipando munagulitsa kawiri ndinu, si ine," anamuuza. "Mwafunsa kodi amene alibe changu? Lowani mufunse. Ine wanga mpando ndausiya, changu n'cha mwanayu."

Kalaliki analowa, thukuta lili kamukamu, nafunsa ndi mawu otsika. Sipanatenge nthawi. Telala wina wachikulire, amene ankangopita kukakonzetsa mutu wa makina ake, anaimirira nati Lachisanu silimupha. Anawonjeza kuti akanamufunsa poyamba, bwenzi basi itafika kale pa Mpingu. Komabe amayi sanadzuke. Anati kalaliki alembe kuseri kwa tikiti ya telalayo ndi yawo kuti Lachisanu adzakwera oyamba, ndipo ine ndinawerenganso mokweza zimene analembazo. Anati bokosi langa kondakitala alipukute matope alibwezere padenga. Atandiona ndakhala pawindo, pafupi ndi mayi wina amene analonjeza kukandisiya pachipata cha mishoni, ndi pamene anasendera pambali n'kusiya chitsulo chija.

Injini italira amayi anandibayibitsa. Ine ndinayang'ana kumbali. Ndinali nditakwiya nawo chifukwa chondichititsa manyazi pamaso pa Namitete yense, ndipo mumtima ndinkati munthu ameneyu alibe manyazi, alibenso mantha. Kumudzi nkhani inawatsogolera. Amalume sanawalankhule mpaka kukolola, ndipo dzina loti Nahendulo linawakakamira mpaka imfa.

Ndinaphunzira, ndinakhala mphunzitsi, ndinakwerako ngakhale ndege. Tsiku lina pabwalo la ndege anatiuza kuti matikiti achuluka kuposa mipando, ndipo asanatsitse munthu anayamba afunsa amene alibe changu. Ndinaseka ndekha mpaka anthu kundicheukira. Zimene iwo amazitcha lamulo lolembedwa, ine ndinazimva koyamba kwa mayi wosadziwa kulemba dzina lake.

Nditabwerako ndinakawafotokozera amayi. Apa n'kuti atakalamba, maso atachita khungu, akuwothera dzuwa pamkeka. Ndinawapepesa kuti tsiku lija sindinawabayibitse, ndipo ndinawafunsa kumene anatenga mtima wosaopa chotero.

"Wosaopa ndani?" anatero. "Iwe, ine apolisi ndinkawaopa kuposa njoka. Basi yanu itapita ndinakhalabe pomwepo mpaka masana, anthu n'kumati mayiyu ndi wamakani. Miyendo inali itafa, mwanawe. Anachita kundidzutsa ndi amayi ogulitsa zitumbuwa."

Ndili mwana ndinkayesa kuti anakhala pachitsulo chija chifukwa analibe mantha. Lero ndikudziwa kuti mantha anali nawo odzaza chifuwa, koma anakhalabe, ndipo ine Lachitatu m'mawa ndinayankha dzina langa m'kalasi.